Pampu Yathu Anaitsekera m'Khola

Ganizo lopita ku Joni linandibwerera ndili pampando wakumbuyo m'chipinda cha misonkhano, ndikumvera a Pulofesa akuwerenga mndandanda wa kafukufuku amene sukulu yathu idzaikepo mtima zaka zikubwerazo. Sukuluyo ndi yophunzitsa mainjiniya. Dzina lake sinditchula, eni ake akudzidziwa. Ine ndinali munthu wa mulabotale, wokonza makina ndi kuonetsa ophunzira kagwiridwe ka sipanala, ndipo pamisonkhano yotere anthu a dipuloma ngati ife ankatiitana kuti mipando isaoneke yopanda anthu. Anawerenga za tindege topanda oyendetsa, anawerenga za tizipangizo totumiza manambala pafoni, anawerenga zina zoti ngakhale iwo eni lilime linkawapindika pozitchula. Pampu yanga sanaitchule.

Ndinene kaye za pampuyo, poti nkhani yonse ndi imeneyi. Ndi pampu yosafuna magetsi kapena dizilo. Madzi otsetsereka kuchokera kuphiri amalowa m'paipi mwaliwiro, kachitseko ka labala kamatseka mwadzidzidzi, ndipo mphamvu ya madzi omwewo imakankhira ena kumtunda. Nzeru yake si yanga, ndi yakalekale, ili m'mabuku. Changa chinali kuipanga ndi zinthu zopezeka mu Zomba momwemuno: mapaipi a pamsika, botolo lakutha lozimitsira moto, ndi kachitseko kodula ku tayala lakutha. Ndinaipanga ndi Che Bwanali, bambo wowotcherera zitsulo pansi pa mtengo wa mango ku Zakazaka, kufupi ndi kumene ndinkachita lendi. Tinaiika pakamtsinje kena kotsika m'phiri, n'kumakweza madzi kupita kudimba la achemwali anga a Felesiya ndi anzawo asanu ndi awiri, amene minda yawo ili pachitunda. Madzi ku Zomba si osowa. Phiri limawataya mbali zonse, mtsinje wa Mulunguzi wokha umamwetsa tauni yathunthu. Vuto la amayi aja linali longowakweza kuchoka pamene ali kufika pamene pali mbewu.

Nditakweza dzanja ndinapempha zinthu ziwiri. Choyamba, kandalama kogulira mapaipi kuti tiyese pampuyo m'mitsinje ina. Chachiwiri, poti pamndandandawo panali mutu wakuti sukulu izigwira ntchito limodzi ndi makampani, ndinati alembepo dzina la Che Bwanali. A Pulofesa anavula magalasi n'kundiyang'ana ngati mwana wolowerera nkhani ya akuluakulu.

"Mayi, tikamati makampani tikunena anthu a maofesi ndi zidindo. Abwenzi athu akunja tikawauze kuti tikugwirizana ndi munthu wa pansi pa mango?"

Chipinda chonse chinaseka, ngakhale anzanga amene ankadya tomato wa m'dimba lomwelo. Anawonjezera kuti pampu yotero si kafukufuku koma ntchito ya manja, ndipo akunja saika ndalama pa chinthu chosatulutsa manambala. Ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha. Mwezi usanathe ndinali nditagulitsa firiji ndi bedi, pasipoti ili m'chikwama.

Mpaka lero anthu amaganiza kuti aliyense wopita ku Joni amathawa njala. Ine njala sinandithamangitse. Malipiro anali ochepa, inde, koma ndinkadya, lendi ndinkalipira. Chinandithamangitsa ndi kuseka kuja, ndipo ndikamadutsa pamsewu wa kusukuluko ndimakumvabe.

Achemwali sanandiletse. Anangoti kunja kulibe mbale, ndizisamala pakamwa poti ndimalankhula ndisanaganize. Tsiku lomaliza ndinawatengera kumtsinje n'kuwaonetsa kasinthidwe ka labala: kumasula mabawuti anayi, kudula tayala motsatira kachitseko kakale, kubwezeretsa, basi. Anachita okha kawiri ine ndikuonerera. Che Bwanali anati chikavuta choposa pamenepo angowaimbira, iwo akwera njinga. Ndinakwera basi mtima uli m'malo pa chinthu chimodzi chokhacho, kuti kaya ine zindivuta bwanji, madzi azikwerabe.

Za ku Joni anthu amanena zambiri, ndipo theka lake ndi bodza la obwerako atavala majekete achikopa. Dipuloma yanga inagona miyezi isanu ndi itatu pansi pa matiresi, ine ndikuchapa zovala za eni ake. Tinkakhala akazi anayi m'kachipinda kamodzi, wina wa ku Mangochi, awiri a ku Mulanje, aliyense ndi poto wake ndi chisoni chake. Mwayi unabwera tsiku limene pampu ya pachitsime cha abwana anga inafa, wokonza n'kunena kuti abwera pakatha sabata. Ndinabwereka sipanala kwa wosamalira maluwa n'kuikonza iwo asanamalize kumwa tiyi. Abwanawo ndi amene anandilozera kukampani ina yaing'ono yokonza mapampu m'mafamu.

Kumeneko ndinagwira zaka zinayi ndi miyezi. Mwini kampani sanavutike kuphunzira dzina langa, ankangondiitana kuti Malawi, koma ndikanena kuti vuto lili apa, ankapita kukagula chimene ndanena. Zinkandiwawa kuti munthu wosadziwa dzina langa ankamvera mawu anga kuposa amene anandiphunzitsa. Ndalama zinalipo, sindinama. Mwezi uliwonse ndinkatumiza fizi ya ana a achemwali, ndinagula kapuloti, ndinanenepako. Koma Lamulungu linkatalika. Ukachoka kutchalitchi kumene palibe wokufunsa kuti kumudzi ali bwanji, umakhala pabedi n'kumabwereza mauthenga a mawu a pafoni, osati kuti umve nkhani, nkhaniyo waiimva kale kasanu, koma kuti umve tambala ndi ana akusokosera kumbuyo kwake. Kukamveka kuti kwina akuthamangitsa alendo, tinkasiya kulankhula Chichewa m'minibasi n'kumangoyang'ana pawindo.

Chaka chachiwiri achemwali anatumiza uthenga akuseka. Anati a kusukulu kwanu anabwera ndi azungu atatu, anajambula pampu, anajambula kabichi, anagawa zitenje ndi malaya olembedwa kumsana. Akuti aikonza kuti ikhale yamakono. Ndinawauza kuti chosawonongeka sachikonza, iwo n'kundiyankha kuti ndili ndi nsanje. Patapita miyezi ingapo mnzanga wa mulabotale ananditumizira chithunzi: pampu yathu itapentedwa buluu, pambali pake chikwangwani cha mbendera ziwiri, a Pulofesa ali mu suti atagwira paipi ngati akudziwa kumene madzi amalowera. Pachikwangwanipo panali mayina a masukulu awiri ndi kampani ina ya kunja. Langa panalibe, la Che Bwanali panalibe. Tsiku limenelo kuntchito ndinamanga bawuti wa pampu ya mwini mpaka kumuthyola.

Za dzinazo ndikanameza malovu n'kuiwala. Chimene chinandiimitsa mutu ndi uthenga wa chaka chachinayi, achemwali akupempha kuti pa ndalama ya fizi ndiziwonjezerako ya ndiwo. Munthu amene ankatsitsa madengu a mpiru ndi tomato kukagulitsa kwa ophunzira ku Chirunga, lero akupempha ya ndiwo. Ndikafunsa za pampu ankasintha nkhani n'kuyamba za maliro a uje ndi ukwati wa uje. Ndinaimbira Che Bwanali.

"Pampu ili bwanji, Che Bwanali?"

"Ilipo, a Lusiya."

"Ikukweza madzi?"

"Ilipo ndithu. Penti wake sanasuluke."

Sindinafunsenso. Ndinamaliza ntchito zimene ndinali nditayamba, ndinatsanzika, n'kukwera basi.

Ndinafika mu Zomba mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anthu a ku Zakazaka anayang'ana katundu wanga n'kugwa mphwayi. Obwera ku Joni amatsitsa mafiriji ndi mawailesi, ine ndinatsitsa sutikesi imodzi ndi bokosi la masipanala. Mawa lake m'mawa ndinapita kudimba. Ndinapeza achemwali akukwera chitunda ndi makheni awiri othirira, akuyenda pang'ono n'kutula, dzanja kumsana, n'kunyamulanso. Dimba lija linali litatsala kachigawo kongokwana mphasa zinayi. Anzawo atatu anali atasiyiratu, minda yawo ili thengo.

Pampu ndinaipeza m'khola la zitsulo, lotseka ndi loko wamkulu ngati wa pagolosale. Pamwamba panali sola, pambali kabokosi koyera ka nyale yobiriwira yophethira. Ndinasuzumira. Kachitseko kathu ka tayala anali atakachotsa n'kuikapo kena kachitsulo, konyezimira, kochokera kunja, kolumikizidwa ndi waya ku kabokosiko kuti kaziwerenga kuti katseka kangati, manambalawo n'kumapita kutsidya la nyanja. Kumene anakapangirako mwina madzi ake ndi osefa. Kuno mvula ikagwa kuphiri madzi amatsika ndi mchenga, ndipo mchengawo unakadya mpaka kanasiya kutseka. Labala wa tayala amapirira mchenga, akatha umadula wina. Izi akanafunsa wowotcherera wa pansi pa mango, akanawauza ulere.

Achemwali anati chilimwe chino n'chachiwiri pampuyo ili chomwecho. Kiyi ali kusukulu. Chitsulo china chibwera ndi gawo lachiwiri la mgwirizano wa sukulu ndi akunja aja. Komiti ya dimba, imene iwo ndi wapampando wake, inadinda zala papepala lakuti aliyense wogwira zipangizozo adzayankha mlandu. Che Bwanali anabwerapo kamodzi ndi zida zawo, anaona loko, anakwera njinga kubwerera.

Ndinapita kusukulu ndili wokonzeka kulavula zakukhosi. Kunali kutasintha. Labotale yathu ija inali ndi matailosi, makompyuta m'mizere, khoma lonse zithunzi za anthu ogwirana chanza. Makina odulira zitsulo amene ndinkaphunzitsira anali pakona atafundidwa nsalu, pamwamba pake maluwa apulasitiki. A Pulofesa, amene tsopano anali ndi ofesi ya makatani, anandilandira ndi manja awiri. Atamva kuti ndagwira ntchito zaka zinayi kunja, maso awo anawala. Anati sukulu ikufuna anthu odziwa za kunja ngati ine, ndipo pali mpando wa woyang'anira mapulojekiti a madzi. Pajatu mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Ndinachita kupita ku Joni kuti kalumo kanga komwe kaja akaone kuti n'kakuthwa.

Ndinati sindinadzere ntchito, ndadzera kiyi. Anandiuza modekha kuti sizitheka alendo asanabwere kudzaunika pulojekiti, chifukwa kabokosi kaja kakuwerengabe.

"Kakuwerenga chiyani, pampu itafa?"

"Masiku amene yakhala isakugwira ntchito. Zimenezonso n'zofunika pa kafukufuku, mayi. Mukaigwira mwasokoneza manambala a zaka ziwiri."

Ndinawafunsa ngati kabokosiko kakuwerenganso maulendo amene mayi wa zaka makumi asanu akukwera chitunda ndi makheni. Anatsitsa mawu n'kunena kuti ine sindidziwa kuyendetsa sukulu. Ndalama za kafukufuku kuno kulibe. Makompyuta ndawaonawo, ophunzira awo amene akuchita maphunziro kunja, zonsezo zapachikika pa mgwirizanowu, ndipo mwini ndalama ndiye amasankha funso loti lifufuzidwe. Sankanama, n'chimene chinandikwiyitsa kwambiri. Munthu wabodza umamutsutsa n'kupepukidwa. Awa ankanena zoona, ndipo zoonazo zinali zakuti sukulu yathunthu ya mainjiniya, ya anthu oti akhoza kukonza pampuyo atatsinzina, inasankha kuiyang'anira ikufa chifukwa imfa yake ili ndi wogula.

Ndinatuluka osatsanzika, ndinadutsa pamsika n'kugula sowo yodulira zitsulo. Pofika kumtsinje ndinapeza achemwali akundidikira kale. Zomba ndi yaing'ono, wondigulitsa sowoyo ndi mlamu wa mlembi wa komiti. Anaima kutsogolo kwa khola, kheni ili m'manja.

"Chokanipo, achemwali."

"Sindichoka. Iwe ukadula lokoyu, mawa ukwera basi kubwerera kwa azungu ako. Chala chili papepala paja ndi changa."

Ndinawauza kuti pampuyo ndinapanga ndine, mapaipi ndinagula ndi malipiro anga, palibe khoti lingamange munthu chifukwa chotsegula chake. Anati khoti sakuliopa. Akuopa kuti alendo akakwiya, dera lonse lidzati a Felesiya ndi mng'ono wawo wamwano uja ndiwo anathamangitsa chitukuko. Kamlatho kamene anawalonjeza, kaalawansi ka masiku a alendo kamene amayi ena amagulira sopo, zonsezo zikatayika mlandu udzagwera pamutu pawo, ndipo pamaliro ndi pachigayo adzakhala okha. Ndinawakalipira ndi mawu amene sindingawalembe pano. Ndinati asanduka alonda a chinthu chimene chikuwathyola msana.

"Unachoka ndiwe," anatero. "Ife tinatsala ndi anthuwa."

Sowo ija inandilemera m'manja. Ndinali nditakonzekera kulimbana ndi a Pulofesa, ndi azungu, ngakhale ndi apolisi, koma osati ndi munthu amene anandilera amayi athu atamwalira. Ndinakhala pamwala n'kulira ndi ukali. Iwo anatunga madzi n'kuyamba kukwera.

Che Bwanali ndinawapeza pansi pa mango pomwe paja, ndevu zitachita imvi, akuwotcherera kaliyala wa njinga ya kabaza. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula mawu. Ndinawafunsa, mwina mwachipongwe, kuti munthu wodula zitsulo tsiku ndi tsiku angabwezedwe bwanji ndi loko mmodzi. Anati loko si kanthu, mphindi ziwiri wagwa, koma iwo sadula loko amene eni khomo akumulondera okha. Kenako anafunsa ngati papepala paja analemba kuti mtsinje wonse ndi wa sukulu. Ndinati ayi, analemba za zipangizo zokha. Anapukuta manja pa ovolosi.

"Ndiye kuti mtsinje ukadali wa Mulungu. Mubwere Loweruka, mawa ndili kumzikiti."

Tinaipanga masiku atatu. Botolo tinalipeza kwa ogula zitsulo zakutha, tayala anatipatsa a minibasi. Tinaiika kumunsi kwa khola lija, kuseri kwa nthochi, paipi yake n'kuikwirira pansi mpaka kudimba. Sitinaipente. Pampu zamtunduwu zimagunda zikamagwira ntchito, gu, gu, gu, ndipo itayamba kugunda, madzi n'kutulukira pamwamba pa chitunda, amayi aja anabwera mmodzimmodzi osaitanidwa, ngakhale atatu osiya aja. Palibe anaimba nthungululu. Achemwali anatchera dzanja pamadziwo nthawi yaitali, kenako anandikokera pambali.

"Uifundike udzu, Lusiya. Akaiona aithandiza."

Ndinkayesa akuseka, koma anali atayamba kale kumweta udzuwo.

Alendo anabwera patatha milungu inayi, mpiru utayamba kubiriwira m'minda yonse isanu ndi itatu. Dzulo lake komiti inasesa njira, inapaka laimu miyala, inatsuka sola, kenako inanditumira mawu akuti kugunda kuja kukumveka mpaka pakhola, choncho ndidzaizimitse alendo akamafika. Ndinakana. Ndinati aimve, afunse, ndiwauze pamaso pa azungu awowo. Achemwali sanatsutsane nane. Anangondifunsa ngati ndili ndi mphamvu yopanga pampu yachitatu iyi akaimangira khola lake.

M'mawa mwake, magalimoto atamveka kumsewu, ndinatsikira kuseri kwa nthochi, ndinagwada m'matope, ndinagwira kachitseko ka tayala ndi dzanja langa mpaka pampu inaleka. Kutuluka kukanandionetsa, choncho ndinakhala pomwepo, mayi wamkulu wa dipuloma, nyerere zikundikwera m'miyendo. Ndinamva amayi akuimba nyimbo yolandira alendo. Ndinamva a Pulofesa akufotokoza m'Chingerezi kuti ngakhale chipangizo chavutako pang'ono, kubiriwira kwa madimbawa ndi umboni wakuti maphunziro a pulojekiti alimbitsa alimi. Anaomba m'manja, anajambulitsa pakhola, anamwa zoziziritsa kukhosi.

Pamene ndinali pansi pa nthochipo mkwiyo wanga unasowa pogwera. A Pulofesa akudyetsa sukulu, achemwali akusunga nkhope yawo pamudzi, azungu akulemba zimene aonetsedwa, aliyense ali ndi chifukwa chomveka. Ndipo ine amene ndinabwera ndi sowo ndinali nditagwada, ndikuwathandiza onsewo. Kwathu kuno chinthu chikamagwira ntchito umachibisa ngati chakuba, chakufa n'kuchitsuka kuti alendo achione.

Magalimoto atachoka, achemwali anaima pachitunda n'kundikodola kuti tsopano ndikhoza kuiyatsa. Nditakwera anandiuza nkhani yake ali chimwemwe. Gawo lachiwiri lasainidwa, alendo azibwera kanayi pachaka, ndipo komiti yagwirizana kuti woizimitsa masiku amenewo ndizikhala ine, poti ndine ndikuidziwa bwino.